Tsiku Limene Otávio Anakana

Lachiwiri ndi Lachisanu, folo koloko madzulo,
Graziela amagogoda kawiri n'kudikira,
chifukwa Otávio amadana ndi belu.
Amavula nsapato pakhomo,
mvula ya ku Curitiba ikudontha pa ambulera yake,
n'kukhala pansi pomwe mwana wanga wandandalika
zotsekera mabotolo makumi anayi ndi ziwiri,
zofiira kutsogolo.

Ine ndimayendetsa basi yaitali, yopinda pawiri.
Ndimadziwa kuima pamzere penipeni
kuti zitseko zikumane ndi pokwerera.
Koma mwana wangayu, zaka zinayi zathunthu,
ndinkaima ndisanamufike, apo ayi ndinkamupitirira.

Dokotala anatchula dzina: otizimu.
Ivonete analilemba kuseri kwa lisiti la magetsi
ngati nambala ya munthu woti timuimbire mawa.

Graziela ali ndi makhadi a zithunzi,
kapu, chitseko, nthochi, bafa.
Amafunsa, n'kudikira masekondi asanu,
ndimamuona akuwerenga ndi chala pabondo.
Mwana akakhudza khadi la kapu, madzi amafika pomwepo.
Akaloza kabotolo ka sopo, thovu limauluka chipinda chonse.
Akangokhala, amamukankha chigongono pang'ono,
mawa lake pang'ono kuposa apo,
mpaka dzanja lipite lokha.
Zonse amalemba: mtanda, mzere, mtanda, mtanda.
Usiku ndimamatula pepalalo pa firiji
n'kumafunafuna mwana wanga m'mitandamo.

Tsiku lina ndinafunsa, kodi manja awa,
okupiza ngati nkhunda yotsekeredwa m'galaja,
simungawaletse? M'sitolo anthu amatiyang'ana.
Anandiyang'ana nayenso
nati, Bambo Valdemir, manjawo apweteka ndani?
Kumenyetsa mutu kukhoma, icho tilimbana nacho.
Manja asiyeni, ndi mmene amasekera.
Ndinakagona manyazi atandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Pali masabata amene pepala limabwerera m'mbuyo.
Chimfine chimodzi chokha, makhadi onse aiwalika.
Ine ndi Ivonete timakangana monong'ona kukhitchini
za kampani ya inshuwalansi imene yadula maola,
za Lívia, mlongo wa Otávio,
amene anaphunzira kusewera mopanda phokoso
asanakwane zaka zisanu ndi ziwiri.
Zimenezo palibe amazipachika pa firiji.

Ndiye mu Julayi, chisanu chitalowa m'mafupa,
nditangoweruka, yunifolomu ikadali m'thupi,
ndinatenga juzi yaubweya, ija yoyabwa,
kuti ndimuveke.
Ndinkadikira kukuwa, kudzigwetsa, mano pamkono panga.
Anayang'ana juziyo, osati ine,
nati, Ayi.

Liwu laling'ono, lokhala ngati lachita dzimbiri,
koma lathunthu.

Graziela sanaombe m'manja. Anandinong'oneza,
kaibwezeni m'kabati, msanga,
aone kuti mawu amagwira ntchito.
Ndinathamanga nayo ngati ikuyaka.

Zaka zonsezi makutu ndinali nditawatchera
kudikira tsiku loti adzati Bambo.
Ndinapatsidwa Ayi,
ndipo ndinakalirira kubafa, mpope uli chitsegulire
kuti Lívia asamve.

Tsopano amakana supu, amakana chipewa,
dzulo anandikana ine
nditafuna kusuntha chotsekera chobiriwira
kuti ndidutse ndi njinga.
Ndinainyamula njingayo paphewa.

Mawa ndilowa ntchito m'mbandakucha.
Pa siteshoni ya Boqueirão ndidzaima pamzere,
ndidzatsegula zitseko, anthu adzakhamukira mkati,
ndipo onse atakwera
ndidzawerenga ndi chala pachiwongolero
mpaka kasanu ndisanatseke,
mwina pali wina akubwerabe.